Mlembi wa Timu ya M'mudzi, Mtumiki Wopanda Malipiro

(Nyimbo yotsegulira, itsike pang'onopang'ono)

   Inu omvera a ku Chia ndi midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja kuno ku Nkhotakota, khalani pansi bwino, pakuti nkhani ya lero ifuna kudekha.

Tikamba za munthu amene dzina lake silimveka m'nyimbo za ochemerera, amene sanyamulidwa pamapewa timu ikapambana, koma amene, timu ikagonja, kapena lole ikachedwa, kapena mpira ukaphulika popanda wina wosinthira, maso a mudzi wonse amatembenukira kwa iye. Ndikunena mlembi wa timu ya m'mudzi, pamodzi ndi anzake a m'komiti, wapampando ndi msungichuma, anthu amene anasankhidwa tsiku lina pansi pa mtengo wa mango mwa kukweza manja, ndipo kuyambira pamenepo akhala akutumikira chaka ndi chaka popanda malipiro, popanda tchuthi, ndiponso kawirikawiri popanda wowauza kuti zikomo. Tiyendanso ulendo wautali kukafika ku dziko la Ireland, kumene kuli masewero otchedwa hurling, chifukwa anthu a kumeneko anamanga chinthu chachikulu pa mapewa a atumiki oterewa. Ndipo akulu athu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Yense woyenda pa msewu wa M5, wochokera ku Salima kupita ku boma la Nkhotakota, akuudziwa mlatho wa Chia, pamene madzi a nyanja yaing'ono ya Chia, atasonkhana kuchokera m'mitsinje monga Lifuliza ndi Likoa, amadzera pa mpata wopapatiza kukakumana ndi nyanja yaikulu. Akuudziwanso msika umene apaulendo amaimapo kugula chambo. Moyo wa dera lino umatsata madzi, mphepo ndi mwezi, ndipo munthu amene afuna kusonkhanitsa anyamata 11 pa bwalo limodzi, pa ola limodzi, sangachitire mwina koma kuzidziwa zonsezi. Pakuti goloboyi wake ndi mmodzi wa alovi amene achezera usiku wonse pa chilimira ku nyanja yaikulu, nabwera kumtunda dzuwa litatuluka, maso ali psuu; wotchinga kumbuyo watsata usipa ku madooko akutali, ndipo tsiku lobwerera salidziwa ngakhale mkazi wake; womwetsa zigoli ali kumunda kuingitsa mbalame pa mpunga wa mayi ake; ndipo uja ankathamanga kuphiko ngati palibe wina, anakwera basi ya ku Joni chaka chatha. Mwezi ukawala mbee, nyali sizikopa usipa, anyamata amapezeka pamudzi. Mwera ukakuntha m'miyezi ya June ndi July, mabwato amagona pamchenga, osewera amachuluka pabwalo, koma ndiyo nthawi imene m'matumba mulibe kanthu. Onjezanipo kuti Lachisanu masana Asilamu ali ku mzikiti, Loweruka ena akusunga Sabata, Lamulungu m'mawa ena ali m'tchalitchi, ndi kuti maliro akagwa m'mudzi mpira suseweredwa, ndipo mudzaona kuti kungopeza tsiku lokha ndi ntchito yofuna nzeru.

Tsono taonani sabata ya mlembi. Lolemba amaimbira mlembi mnzake wa timu ya kutsidya kuti agwirizane za tsiku ndi malo, ndipo mayunitsi amene akuthera pamenepo ndi a m'thumba mwake, pakuti palibe msonkhano umene unavomerezapo ndalama ya foni. Lachiwiri amapita kwa aphunzitsi aakulu kukapempha galaundi, chipewa chili m'manja, popeza mabwalo ambiri a kuno ndi a sukulu. Pobwerera amadzera kwa amfumu kukawadziwitsa kuti kudzabwera alendo, chifukwa khamu silisonkhana m'mudzi mwini mudzi osadziwa. Masiku otsatirawo amayenda khomo ndi khomo ndi kope lake kutolera zopereka, ndipo kumeneko amamva zonse zimene munthu wopempha amamva: uyu akuti nsomba sizinafe, uyo akuti mubwere mawa, winayo akufunsa mokweza mawu kuti za mwezi watha zinapita kuti. Pa kandalama kamene katoleredwako payenera kuchoka ya lole kapena matola, ya woimbira mpira, ya sopo, ya mpira umene, ndipo ngati timu yafuna kulowa mu ligi ya boma, yomwe ili pansi pa bungwe la FAM kudzera ku Central Region Football Association, payenera kuchokanso ya kulembetsa ndi ya zithunzi za makhadi a osewera. Chichokereni November 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mpira, nsapato ndi mafuta a galimoto zinakwera mtengo, koma chopereka cha msodzi chinakhala pomwepo.

Tsiku la masewero, anthu ena akali kumwa tiyi, iye ali kale pabwalo ndi chidebe cha phulusa kulemba mizere, kugwedeza mitengo ya golo kuti aone ngati chiswe sichinaidye kunsi, ndi kutola minga ndi magalasi osweka pamene ana opanda nsapato adzaponde. Mpira ukayamba, iye sauonera ayi: maso ake ali pa khamu limene likusendera mkati mwa mzere, pa alendo amene ayenera kupatsidwa madzi ndi ulemu, ndi pa mnyamata waukali uja amene watola kale mwala. Wina akathyoka mwendo, ndi mlembi amene amathamangira njinga yamoto ya kabaza, naperekeza wovulalayo kuchipatala, nakaima pamaso pa makolo ake usiku kufotokoza chimene chachitika. Ndipo ochemerera akamenyana, ndi iye amene amaitanidwa ku bwalo la amfumu m'mawa mwake, pakuti nkhuyu zodya ana zimapota akulu. Anthu onse atabalalika, iye amatsalira kuwerenga majezi, ndipo amene amakawachapa kunyanja ndi mkazi wake kapena mlongo wake, mwina ndi sopo wa pakhomo.

(Nyimbo pang'ono)

Tiwoloke tsopano. Ireland ndi chilumba cha kumadzulo kwa Ulaya, ndipo si dziko lachilendo kwa ife, popeza boma lake linatsegula ofesi ya kazembe ku Lilongwe m'chaka cha 2007. Hurling ndi masewero a makolo awo akalekale. Mbali iliyonse kumakhala osewera 15, aliyense atagwira ndodo yosemedwa, yotambalala kunsonga ngati nkhafi yaing'ono, ndipo amalimbirana kampira kolimba kachikopa, kolowa m'dzanja, kamene amakamenya pansi ndi m'mwamba momwe, mwaliwiro loti diso la mlendo silitha kukatsata. Mitengo ya golo ndi yaitali, yopitirira mtanda wopingasa: kampira kakalowa mu ukonde kunsi kwa mtandawo amawerenga mapointi 3, kakadutsa pamwamba amawerenga imodzi. Akazi ali ndi mtundu wawo wa masewero omwewa wotchedwa camogie, ndipo m'chaka cha 2018 bungwe la UNESCO linaika hurling pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa pa dziko lonse lapansi.

Koma masewerowa anatsala pang'ono kufa. Njala yaikulu ya m'zaka za m'ma 1840 inapha anthu ochuluka, ena osawerengeka anathawira ku America ndi kwina, dziko linali pansi pa ulamuliro wa Britain, ndipo miyambo ya m'midzi inali kuzilala. Pa 1 November 1884, amuna owerengeka, osakwana ngakhale timu imodzi ya hurling, anakumana m'chipinda cha Hayes' Hotel m'tauni ya Thurles, m'boma la Tipperary, nakhazikitsa bungwe lotchedwa Gaelic Athletic Association, kapena GAA mwachidule. Wapampando woyamba anali Maurice Davin, katswiri wa masewero wotchuka. Koma amene anaitanitsa msonkhanowo, nalemba makalata ndi nkhani m'manyuzipepala, anali mphunzitsi wochokera ku Clare, dzina lake Michael Cusack, amene anasankhidwa kukhala mmodzi wa alembi. Ndipo pano pali chinthu chimene ndifuna muchimvetse bwino. Pasanathe zaka ziwiri, m'chaka cha 1886, mamembala anamuchotsa Cusack pa ulembi, pomudandaula kuti anali waukali ndi kuti ntchito ya makalata ndi mabuku sinali kuyenda bwino m'manja mwake. Munthu amene anabala bungwe anachotsedwa ndi bungwe lomwelo, ndipo bungwe silinafe. Ngakhalenso ulemu wake sunafe, pakuti mbali imodzi ya bwalo lawo lalikulu la Croke Park mumzinda wa Dublin imatchedwa ndi dzina lake kufikira lero. Kuyambira pachiyambi anthuwa anagwirizana kuti gulu ndi lalikulu kuposa woliyambitsa.

Lero GAA ili ndi makalabu oposa 2,000 pa chilumbacho, ndipo pa tsiku la ndime yomaliza ya chikho cha dziko lonse la Ireland, anthu 82,300 amadzaza Croke Park kudzaonera osewera amene salandira malipiro a kusewera: aphunzitsi, alimi, apolisi, ophunzira, amene chikondwerero chikatha amabwerera ku ntchito zawo. Kulikulu kwawo kuli antchito olipidwa, n'zoona. Koma kalabu ya m'mudzi, imene kawirikawiri imatsata malire a parishi, imayendetsedwa ndi anthu odzipereka, ndipo moyo wa mlembi wake mukaumva mudzati ndi mnansi wanu. Akaweruka ku ntchito yake yomudyetsa, amakhala pansi usiku kuyankha makalata a komiti ya boma, kulemba zimene msonkhano wagwirizana, kulembetsa membala aliyense, kuyambira kamwana mpaka nkhalamba, tsiku loikika lisanadutse, chifukwa wosewera wosalembetsedwa akavulala sapeza thandizo la thumba la ovulala, ndipo timu yomuseweretsa ikhoza kulandidwa chipambano. Amagawa nthawi ya bwalo pakati pa ana, atsikana ndi akuluakulu, aliyense akufuna ola lomwelo la madzulo. Amalandira madandaulo a kholo limene mwana wake sanapatsidwe mpata wosewera. Anzake amagulitsa matikiti a mwayi sabata ndi sabata kuti magetsi alipiridwe, ena amatchetcha udzu, ena amachapa majezi kunyumba kwawo. Membala wakale akamwalira, ndi mlembi amene amamema anthu kuti akaime m'mizere iwiri m'mbali mwa msewu pamene bokosi likudutsa, jezi ya kalabu itayalidwa pamwamba pake. Ndipo nawonso amalira monga ife, kuti anyamata akuthera ku Dublin, ku London ndi ku Australia, kotero kuti midzi ina yoyandikana imaphatikiza matimu kuti osewera akwane. Nawonso pa msonkhano wa pachaka, akafunsa kuti ndani akhale mlembi, anthu ambiri amaweramitsa mitu.

Wina anena kuti, a pawailesi inu, musatiyerekeze ndi anthu olemera. Mawuwo ali ndi choonadi chake, ndipo sindiwakana: Ireland wa lero ndi dziko lachuma, boma lake limathandiza kumanga mabwalo, ndipo ndalama za pachipata ku Croke Park zimatsikira m'maboma ndi m'makalabu. Koma pamene ankayamba anali alimi osauka, obwereka madambo a ng'ombe kuti aseweremo. Ndipo ngakhale malo a Croke Park amene, anayamba wawagula ndi munthu mmodzi, Frank Dineen, mtolankhani amene anakhalapo wapampando ndiponso mlembi wa bungwelo, amene m'chaka cha 1908 anaika chuma chake pachiswe nawagula, nawasungira bungwe mpaka linapeza mphamvu yowatenga mu 1913. Chimene chinawasunga, monga ndionera ine, si chuma chimene chinadza pambuyo, koma mwambo: kuti kalabu ndi ya mudzi wonse, kuti membala amalipira chopereka chake ndipo ali ndi mawu, kuti kamodzi pachaka mlembi ndi msungichuma amaimirira pamaso pa onse kuwerenga zimene zachitika ndi mmene ndalama zayendera, ndi kuti bwalo likapezeka limalembedwa m'manja mwa osunga osankhidwa m'dzina la gulu, kuti munthu mmodzi asadzaligulitse.

(Nyimbo pang'ono)

Abale anga, mwambo umenewu sitifunika kuuitanitsa kunja, pakuti agogo athu a m'mbali mwa nyanja ino anali nawo. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha mu 1918, magule a malipenga anafala m'midzi ya kunyanja, ndipo gulu lililonse linkatchedwa boma, lokhala ndi maudindo ake, malamulo ake ndi zilango zake; ankasonkha ndalama zogulira yunifolomu, ankalemba makalata oitana boma la mudzi wina, ankalandira alendo ndi kuwaphikira, ndipo amayi a chiwoda ankachita chimodzimodzi. Masiku ano, chikhazikitsireni lamulo la za usodzi la 1997, makomiti a m'madooko, amene timawatcha ma BVC, ndiwo amayang'anira maukonde oletsedwa ndi nyengo yotseka, ndipo kuno ku Chia asodzi anapatula malo ena kuti nsomba ziziswana mosasokonezedwa. Tili ndi makomiti a mjigo, a sukulu, a mzikiti ndi a tchalitchi. Tili ndi amayi a banki mkhonde, amene bokosi lawo limakhala ndi maloko angapo, makiyi ali kwa anthu osiyana, ndipo satsegula popanda gulu. Nanga bwanji anthu omwewa, amene amadziwa kusunga ndalama ya mjigo, akafika pa mpira amasiya zonse m'thumba la malaya a munthu mmodzi?

Pamenepa ndi pamene matimu athu ambiri amafera. Safa chifukwa chosowa aluso, pakuti aluso amabadwa chaka chilichonse. Amafa ndi mawu atatu okha akuti, wadya ndalama uja. Nthawi zina mawuwo ndi oona, ndipo tisabise: alipo amene analowa m'komiti ndi diso pa mphoto, nathawa ndi thumba la timu, nasiya anyamata ali manja m'khosi. Koma kawirikawiri woneneredwayo ndi munthu wolungama, amene anagula mpira ndi ndalama ya feteleza wake, koma sanalembe. Analipira dalaivala usiku pamsewu, koma panalibe mboni. Ndipo tsiku lofunsidwa alibe chomuikira kumbuyo koma kulumbira. Munthu wotere amachoka ndi mtima wosweka, ndipo onse amene anaona chimene chamuchitikira amalumbira m'mitima mwawo kuti sadzakhudza udindo. Mabuku opatulika anaiona kale mbuna imeneyi. M'buku lachiwiri la Mafumu timamva kuti m'masiku a mfumu Yoasi, pamene ndalama zokonzera Nyumba ya Mulungu sizinali kuoneka ntchito yake, wansembe Yehoyada anatenga bokosi naboola chivundikiro chake, ndipo likadzaza, mlembi wa mfumu ndi mkulu wa ansembe ankabwera onse awiri kudzawerenga pamodzi. Mtumwi Paulo, munthu amene mipingo inamukhulupirira, sanafune kunyamula yekha chopereka cha ku Yerusalemu, koma anayenda ndi abale osankhidwa ndi mipingo, kuti pasapezeke womunenera. Ndipo abale athu Asilamu akudziwa kuti ndime yaitali koposa zonse m'Qur'an, m'sura ya Al-Baqara, ndi yolamula kuti ngongole ilembedwe, ikhale yaing'ono kapena yaikulu, pamaso pa mboni. Ngati anthu oyera mtima otere anafuna cholembera ndi mboni, kope la timu si chizindikiro chakuti tikumukayikira mlembi. Ndi chishango chake. Ndalama ilandiridwe ndi anthu awiri, ilembedwe tsiku lomwelo, ndipo ngati yadzera pa Airtel Money kapena pa Mpamba, uthenga wake usafufutidwe, uwerengedwe pagulu.

Ndinenepo za mabonanza, ngakhale ndidziwa kuti ena sakondwera nazo. Chisankho chikayandikira, zikho zimaphuka paliponse. Ofuna mipando amabwera ndi majezi atsopano, mipira ndi zokuzira mawu, ndipo matimu amene anagona zaka zinayi amadzuka m'sabata imodzi. Sindinena kuti tikane mphatso, pakuti mwana wosauka akavala jezi yatsopano chimwemwe chake n'choona, ndipo alipo opereka amene amachita ndi mtima wabwino. Koma mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mavoti akawerengedwa, zokuzira mawu zimapita, ndipo amene amatsala ndi mlembi yemwe uja ndi kope lake. Choipa chachikulu n'chakuti mphoto ikakula, mitima imatembenuka. Komiti imayamba kufuna osewera a ganyu kuchokera kutauni, ndipo mnyamata wa m'mudzi, amene wakhala akubwera ku maphunziro a timu chaka chonse, m'matope ndi m'fumbi, amakhala panja kuonerera mlendo atavala jezi yake. Chikho chikatha, mlendoyo amatenga gawo lake napita, ndipo mwana wa m'mudzi sabweranso. Kumene kuli mpikisano wa ana, ena amatsitsa zaka za osewera, ngakhale kuti chiyambire 2017 tili ndi ziphaso za unzika ndipo sukulu zili ndi kaundula. Ena amathera ndalama ya mpira kwa sing'anga. Ku Ireland, m'maboma ambiri, munthu amasewerera kalabu ya kwawo, ndipo kusamuka kumafuna chilolezo cholembedwa. Mlembi amene akana kulemba dzina la ganyu kapena zaka zabodza adzadedwa Lamulungu limenelo, koma ndi iye amene akusunga timu.

Ndipo khomo lokwerera lilipo kwa timu yosunga mabuku ake. Boma lathu lomwe lino linaonapo Dwangwa United ikusewera mu ligi yaikulu ya dziko pa bwalo la Chitowe, ndipo chikho cha Castel, chimene chinayamba mu 2023, chinayambira m'maboma, kupereka mpata kwa matimu ang'onoang'ono. Koma woitanidwa kumeneko ndi timu yolembetsedwa, ya makhadi ake ndi komiti yodziwika, osati gulu losonkhana dzulo.

Tisaiwale ana aakazi. Mwai Kumwenda, amene anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa mpikisano wa dziko lonse lapansi wa ntchemberembaye ku Sydney mu 2015, anakulira kumudzi ku Mzimba. Tabitha ndi Temwa Chawinga, amene amwetsa zigoli ku Ulaya, ku China ndi ku America, anachokera ku Rumphi. Palibe chifukwa choganizira kuti m'midzi ya ku Chia mulibe mtsikana wa mphatso yotere. Koma kholo silingalole mwana wake wamkazi kukwera lole kupita kutali ngati silidziwa amene akumuyang'anira, ndipo kholo limenelo likulondola. Makalabu a GAA amasankha munthu wapadera woyang'anira chitetezo cha ana, ndipo ophunzitsa ana amayamba afufuzidwa ndi apolisi. Ife tingayambe ndi chimene tingathe: m'komiti mukhale amayi, osati ophika okha koma alembi ndi asungichuma, pa ulendo uliwonse wa atsikana pakhale mayi wamkulu wodziwika kwa makolo, ndipo ana abwerere kwawo dzuwa lisanalowe. Mphunzitsi wa timu amene afuna kukumana ndi mwana wa eni payekha achotsedwe msanga, ngakhale atakhala wodziwa mpira chotani.

Kwatsala chinthu chimodzi chimene chimandiwawa mtima, ndicho kutopa kwa anthu abwino. Mudzi ukapeza munthu wokhulupirika umamusenzetsa zonse: ndiye mlembi wa mpira, ndiye wa komiti ya mjigo, ndiye wolemba zopepesa pa maliro, ndipo chifukwa ndi munthu wamanyazi, sakana, kufikira munda wake wamera thengo, ukonde wake wawola, ndipo m'nyumba mwake mwalowa mawu, pakuti mayi wa m'nyumbamo akufunsa mwachilungamo kuti kodi ana adya zigoli. Yetero, mpongozi wa Mose, ataona mkamwini wake akuweruza anthu yekha kuyambira m'mawa kufikira madzulo, sanamuyamikire, koma anamuchenjeza kuti adzalefuka iye pamodzi ndi anthuwo, namulangiza kuti agawe katunduyo kwa amuna okhulupirika. Mutu umodzi susenza denga. Wina asunge majezi, wina ayang'anire bwalo, wina aziyendera makolo. Pambali pa mlembi pakhale wachinyamata wophunzira ntchito, mwina uja anamaliza Fomu 4 ndipo ali pamudzi, kuti tsiku limene mkuluyo adzapume, kope lisadzapite naye. Ndipo munthu akatumikira zaka zake nafuna kutula, timulole atule ndi ulemu, pagulu, osati kudikira kuti achoke ndi mkangano.

Tsono ndikupemphani, inu mafumu athu: pamene malo akuchepa ndipo minda ndi nyumba zikulowa m'mabwalo, patulani malo a masewero, muike malire ake pamaso pa mboni, ndipo alembedwe kuti ndi a mudzi, kuti adzukulu adzawapeze. Inu osewera, perekani chopereka chanu, ngakhale chichepe, ndipo mubweze jezi mpira ukatha. Inu amalonda a pa mlatho ndi eni mabwato, mukafuna kuthandiza, perekani pamaso pa komiti ndipo muone kuti zalembedwa. Ndi inu nonse amene mumadzaza m'mbali mwa bwalo Lamulungu madzulo, msonkhano wa timu ukaitanidwa nyengo ino isanayambe, pitaniko. Pemphani kuti kope liwerengedwe mokweza, muthokoze amene analisunga, ndipo akafunsa kuti ndani athandize chaka chino, kwezani dzanja lanu.